Mmene mungayambire malonda a salaula kuno ku Chipata ndi mpamba wochepa

Munthu akaganiza zoyamba malonda a salaula, zovala zovalidwa kale zimene zimabwera m'mabelo, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Kodi belo likupita pa zingati masiku ano?" Funso limenelo lisungeni kaye. Belo ndi la munthu amene ali kale ndi anthu omugula, wodziwa zimene amakonda ndi ndalama imene amatha kutulutsa. Wolumphira belo asanadziwe zimenezi amathera ndi masaka a zovala kunsi kwa bedi, mpamba wonse utamira m'menemo. Ndikulembera inu amene muli ndi kandalama kochepa, kaya mwalandira ku chilimba, kaya mwagulitsa nshawa kapena soya, ndipo simukufuna kuti kathere m'manja.

Yambani ndi wogula

Musanagwire chovala chilichonse, khalani pansi mudzifunse kuti mudzagulitsa kwa yani. Mukayankha kuti "kwa aliyense", ndiye kuti simunayankhe. Mphunzitsi wa pasukulu ya kwanu amafuna shati ya manja aatali ndi thalauzi yopita nayo kuntchito. Mtsikana wa kukoleji amafuna jinzi ndi tibulauzi ta masiku ano, ndipo diresi yofika m'mapazi sangaigule ngakhale mutamutsitsira mtengo. Mayi wa kumudzi ku Chadiza kapena ku Vubwi amayang'ana kulimba kwa nsalu, amaikoka ndi manja awiri kuti aone ngati ingapirire kuchapidwa pamwala. Anthu atatuwa sagula pa mulu umodzi.

Sankhani mtundu umodzi wa zovala, ikachuluka iwiri. Kwa woyamba kumene ine ndimalimbikitsa zovala za ana. Mwana amakula msanga, kholo limabweranso pakangopita miyezi yochepa, ndiponso ndi ndalama yomweyo mumatenga zidutswa zambiri kusiyana ndi za akuluakulu. Za amayi zimayenda msanga, koma ogulitsa ndi ambiri ndipo amayi amadziwa kunenerera. Za abambo zimayenda pang'onopang'ono, poti bambo akagula thalauzi imodzi amatha nayo chaka, komabe akakukhulupirirani sapitanso kwina.

Nyengo nayo muziiwerengera. Majuzi, majekete, mabulangete ndi tizipewa ta ana zimafunika kuyambira Meyi mpaka Julayi, choncho muzioda mu Epulo anzanu asanadzidzimuke. Ikafika Okutobala dzuwa likuswa mtengo, juzi ngakhale ikongole bwanji palibe woiyang'ana. Mu Januwale makolo amafuna nsapato zakuda, zikwama ndi masokosi a kusukulu, koma miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndalama imasowa m'matumba chifukwa yapita ku feteleza ndi kusukulu. Imeneyo si nthawi yodzaza katundu m'nyumba.

Sankhani pa mulu wa anzanu

Gawo ili ndi limene limakuphunzitsani ntchito. Pitani ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market, mufunse amene amatsegula mabelo kuti amatsegula tsiku liti. Ambiri amatsegula m'mamawa. Mufike asanadule zingwe.

Zingwe zikangoduka, belo limafufuma, fungo lija la salaula n'kutuluka, manja ambirimbiri n'kulowa nthawi imodzi. Odziwa ntchito salankhula pamenepo. Amakoka chilichonse chooneka bwino n'kupanira m'khwapa kapena kuchipondereza ndi bondo, kwinaku dzanja lina likufunafuna china. Wina wagwira mkono wa jekete, wina wagwira kolala, onse akuti ndi yawo. Musaime kumbuyo mwamanyazi. Inunso kokani, kusankha kwenikweni muchite mutapatuka pambali.

Mukapatuka, chovala chilichonse muchione modekha. Yambani ndi kolala ndi m'khwapa, chifukwa m'menemo ndi mmene thukuta limasiya chikasu chosachoka. Pa thalauzi onani pakati pa miyendo, m'mawondo ndi kunsi kumene imakwekwereza pansi. Zipi muikoke kukwera ndi kutsika, mupise dzanja m'matumba onse, muwerenge mabatani. Kenako tambasulani chovalacho moyang'anitsa kudzuwa: tiziboo tosaoneka pa mulu timaonekera pomwepo. Za lasitiki muzikoke, ngati sizibwerera zisiyeni. Batani losowa kapena msoko womasuka si vuto, zimenezo n'zokonzeka, ndipo ndi chifukwa chabwino chotsitsira mtengo. Koma banga la mafuta, la inki kapena la dzimbiri, nsalu yoyoyoka kapena yothothoka mtundu, musazitenge ngakhale akupatseni motchipa.

Muchoke kunyumba mutadziwa kale ndalama imene mukaodere, yotsalayo muisiye. Pa mulu zonse zimakoma m'maso, ndipo akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zidutswa 15 kapena 20 zosankhidwa bwino n'zokwanira kuyambira.

Polipira muuzeni mwini mulu poyera kuti mukuoda. "Amayi, ndatenga zambiri, nanenso ndikukagulitsa, mundiganizire." Ambiri amatsitsa, chifukwa nawonso amafuna mpamba wawo ubwere msanga. Mukapeza munthu wa katundu wabwino, muzibwerera kwa yemweyo. Pakapita nthawi adzayamba kukuimbirani foni usiku woti mawa akutsegula, mwinanso kukulolani kusankha ena asanafike.

Pali zovala zina zimene simuyenera kuzigwira n'komwe. Malamulo a dziko lino saloleza kulowetsa kapena kugulitsa zovala zamkati zovalidwa kale, monga makabudula amkati, mabra ndi zovala zogonera, ndipo bungwe la ZCSA, loyang'anira miyezo ya katundu, limalanda likazipeza. Nkhani yake ndi ya matenda a pakhungu. Mukazipeza m'belo, zipatuleni.

Chapani, sitani, konzani

Apa ndi pamene chovala cha pa mulu chimasanduka cha mtengo wina. Zoyera muzichape pazokha, za mitundu pazokha, ndipo chimene mukuchikayikira muchiviike kaye chokha m'beseni muone ngati chikutulutsa mtundu. Yanikani motembenuza, makamaka zakuda ndi majinzi, kuti dzuwa lisaziwaule. Zikauma sitani. Ngati mukugwiritsa ntchito simbi ya makala, pukutani kunsi kwake ndipo muyale kansalu pamwamba pa zovala zopyapyala, chifukwa kakhala kamodzi kokha kakhoza kuboola bulauzi imene munaidalira.

Gulani singano, ulusi wakuda ndi woyera, ndi mabatani angapo. Zazing'ono muzisoka nokha madzulo. Za zipi ndi zochepetsa mupite nazo kwa telala mmodzi amene mwagwirizana naye mtengo. Zovala zambiri zochokera kunja zimakhala zazikulu kuposa matupi athu, ndipo anthu amazisiya pa mulu chifukwa cha kukula kokha. Shati yabwino yaikulu mumaitenga motchipa, telala n'kuibweza m'mbali, n'kugulitsidwa ngati ya giredi yoyamba.

Ndalama ya sopo, makala ndi telala muzilemba. Ambiri amaiwala, n'kumadabwa kuti phindu likuthera kuti.

Kogulitsira

Poyamba simukusowa sitandi. Chikwama chachikulu ndi miyendo yanu n'zokwanira. Yambani ndi anthu okudziwani: a kutchalitchi, oyandikana nawo nyumba, a m'gulu lanu la chilimba. Kwa anthu olandira malipiro a pamwezi, monga aphunzitsi, anamwino ndi a m'maofesi, mupite masiku a kumapeto kwa mwezi, nthawi yopuma masana, mutapempha kaye chilolezo pachipata. Mukagulitsa kwa munthu, lembani saizi yake ndi zimene amakonda. Ulendo wotsatira pa mulu mudzakhala mukusankhira anthu odziwika, ndipo chovala chosankhidwa motero sichigona m'nyumba.

Foni nayo ndi msika. Jambulani chovala chilichonse pachokha, masana, chitapachikidwa pakhoma loyera kapena pachitseko, osati chitaunjikidwa pabedi. Ikani pa WhatsApp kapena pa Facebook pamodzi ndi saizi ndi mtengo. Kubisa mtengo kumathamangitsa anthu amanyazi, amene nthawi zambiri ndiwo ogula osavuta. Ngati pali pena pothimbirira, nenani. Wa ku Lundazi, ku Katete kapena ku Petauke mukhoza kumutumizira pa basi, iye atatumiza kaye ndalama pa Airtel Money kapena MTN. Musakhulupirire uthenga wokha woti ndalama yalowa, akuba amatumiza mauthenga abodza ofanana ndi enieni. Yang'anani nokha ndalama imene ili mu foni musanapereke katundu.

Katundu akachuluka, funani malo mumsika kudzera kwa akuluakulu a msikawo, muzilipira msonkho wa khonsolo ndi kusunga malisiti. Kuyala m'mbali mwa msewu popanda chilolezo kumaoneka kotchipa mpaka tsiku limene katundu walandidwa. Mukhale ndi pulasitiki yaikulu yofunditsira mvula ikayamba, ndipo zabwino kwambiri muzizipachika m'mwamba, chifukwa chovala chopachikidwa munthu amachipatsa ulemu kuposa chogona pansi. Masiku a miyambo, monga Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale ndi Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kumasonkhana anthu ochuluka ndipo malonda amakhalako, koma muwerengere kaye ndalama yoyendera ndi ya malo musananyamuke.

Belo loyamba

Nthawi ya belo imakwana pamene mukuona kuti zimene mumasankha pa mulu zikutha musanabwerere kukaoda, ndipo muli ndi ndalama ya belo popanda kukhudza ya chakudya cha pakhomo. Musatenge ngongole ya chiwongoladzanja kuti mugule belo loyamba. Belo simuliona mkati musanalipire, ndipo likakhala loipa, wokongoza samva zimenezo.

Mabelo ambiri amalemera makilogalamu 45, ndipo pamwamba pake pamakhala palembedwa mtundu wa zovala ndi giredi yake. Gulani la mtundu umodzi umene mwauzolowera. Losakaniza limatchipa, koma limabwera ndi zambiri zimene anthu anu sazifuna. Yang'anani zingwe ndi pulasitiki: ngati zikuoneka kuti zinamasulidwapo n'kumangidwanso, lisiyeni, chifukwa alipo ena amene amatsegula, n'kuchotsamo zabwino, n'kudzazamo zotsalira. Funsani anzanu a mumsika kuti ndi chizindikiro chiti cha belo chimene chikutuluka bwino masiku ano. Zimenezi zimasinthasintha, choncho funsani ulendo uliwonse. Ndipo musachoke popanda lisiti.

Ena amapita okha ku Lusaka kukaoda, poti kumeneko kuli ogulitsa mabelo ambiri ndipo pali posankha. Koma ulendo wa pa Great East Road ndi wa makilomita oposa 550, ndipo mukaphatikiza basi yopita ndi yobwera, ndalama ya katundu, chakudya ndi pogona, belo limodzi lokha silingabweze zonsezo. Ngati mukutenga limodzi, gulani konkuno, kapena sonkhanani anthu atatu kapena anayi mutume mmodzi wokhulupirika. Enanso amakopeka ndi salaula wa ku Mchinji kapena ku Lilongwe, amene ku Malawiko amati kaunjika. Ngati mwasankha njira imeneyo, dutsani pa chipata cha Mwami, muonetse katundu kwa a ZRA, otolera misonkho, ndipo msonkhowo muuwerengere pa mtengo wa belo. Njira za kutchire zimatha kukutayitsani mpamba wonse tsiku limodzi.

Milu itatu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa.

Belo loyamba mutsegulire kunyumba, pamphasa yoyera, chitseko chili chotseka. Kutsegulira pamsika kumakoka anthu, inde, koma woyamba kumene sadziwa mtengo wa zimene zikutuluka, ndipo m'chipwirikiti chija zabwino zimapita pa mtengo wa zotsalira, zina n'kusowa osalipiridwa. Werengani zidutswa zonse, mulembe. Kenako gawani milu itatu: zabwino kwambiri zooneka ngati zatsopano, zapakati zovalika bwino koma zosadabwitsa, ndi zotsalira, zomwe ndi zong'ambika, zothimbirira, zazikulu mopitirira kapena zachikale.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, inu mudzaikepo mitengo yeniyeni ya tsikulo. Belo mwagula K4,000. Kunyamula K200. Sopo, makala, telala ndi msonkho wa msika K300. Zonse pamodzi K4,500. Mwapezamo zidutswa 200: zabwino 40, zapakati 100, zotsalira 60. Zabwino mukagulitsa pa K70 chimodzi, mwapeza K2,800. Zimenezi zimatha msanga, mwina sabata yomweyo, ndipo m'thumba mumamveka kulemera. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Amaona K2,800 ija ngati phindu, n'kugula ndiwo zabwino, n'kubweza tingongole, n'kuthandiza wachibale. Chonsecho mpamba sunabwere, kwatsala K1,700. Zapakati pa K30 chimodzi, muyenera kugulitsa 57 kuti mungofika pa ndalama imene munalowetsa. Phindu lanu lonse, pafupifupi K1,900, lili mu zapakati 43 zomalizira ndi zotsalira 60 zija mukazigulitsa pa K10. Ndiye kuti phindu lili m'zovala zimene anthu azitembenuza kale n'kuzisiya.

Choncho ndalama ya mulu woyamba isakhale m'chikwama chimene mumapita nacho kukagula ndiwo. Muiike pa foni, pa nambala imene simuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, kapena muisungitse ku gulu. Zabwino zija musafulumire kuzitsitsa mtengo, ndizo zonyamula belo. Zapakati muzitsitse pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ndipo musadikire kuti zifumbire pa sitandi. Chovala chikakhala nthawi yaitali padzuwa ndi pafumbi chimatsika chokha kuchoka pa mulu wachiwiri kupita pa wachitatu.

Zotsalira musazisunge

Njira yoyamba yozichotsera ndi yosavuta: tsiku limodzi yalani zonse pansi pa mtengo umodzi wotsika, muitanire anthu mokweza mawu. Zambiri zimapita choncho.

Yachiwiri ndi kupita nazo kumidzi anthu atakolola, kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, pamene alimi agulitsa nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi chimanga. Kumeneko chovala chimene m'tauni achikana chifukwa cha sitayilo chimagulidwa chifukwa n'cholimba, chopita nacho kumunda kapena kudimba. Mukafika yambani mwaonekera kwa anyakwawa, mupereke moni, munene chimene mwadzera. Ndi ulemu, komanso ndi chitetezo chanu. Ambiri adzafuna kusinthanitsa ndi mbewu m'malo mwa ndalama, ndipo palibe choipa. Gwirizanani poyera kuti diresi iyi ndi mameda angati a nshawa, jekete ili ndi tini ya chimanga kapena nkhuku. Muchoke m'tauni mutadziwa mtengo wa meda ya nshawa tsiku limenelo, munyamule meda yanuyanu ndi masaka opanda kanthu, ndipo muwerengere ndalama yonyamulira mbewuzo pobwerera. Onani kuti nshawa zauma bwino, zachinyezi zimachita nkhungu m'saka. Mbewu zimenezi mukazisunga bwino mpaka mvula itayandikira, mtengo wake umakhala utakwera. Koma musawadyere masuku pamutu anthu a kumudzi powapatsa nsanza pa mtengo wa chovala. Amakumbukira nkhope, ndipo chaka chamawa mudzafuna kubwereranso m'mudzi womwewo.

Yachitatu ndi ya telala. Diresi yaikulu yothimbirira kutsogolo imatulutsa tidiresi tiwiri ta ana. Jinzi yong'ambika m'mawondo imadulidwa n'kukhala kabudula, miyendo yotsalayo n'kusokedwa kachikwama. Nsalu yoyala pabedi yobooka pakati imatulutsa zovalira mapilo. Zimene zakanikiratu muzidule timizeremizere, muzilowetse m'saka ndi kawaya, mupange chopondera pakhomo, ntchito imene ana akuluakulu angathandize madzulo. Nsanza za thonje zimene zimamwa madzi ndi mafuta, amakaniko ndi otsuka magalimoto amazifuna.

Ngongole ndi kabuku

Ngongole simungaipewe kotheratu, makamaka kwa anthu a malipiro a pamwezi. Koma muikire malire. Munthu alipireko theka potenga chovala, tsiku lomalizira mugwirizane pomwepo, mulembe iye akuona. Amene sanamalize yakale asatenge chatsopano. Zovala za mulu woyamba musakongoze n'komwe, zimenezo ndi za ndalama ya pamanja.

Achibale ndiwo ovuta kuwakaniza. Mlamu akabwera n'kunena kuti "Alamu, kajekete aka kandikwana, ndidzakuonani," muyankheni mwaulemu kuti katunduyu ndi wa mpamba, mumuuze mtengo wake. Ngati mtima wanu ukufuna kumupatsa, mupatseni kuchokera pa mulu wachiwiri kapena wachitatu, ndipo mulembe m'kabuku ngati chovala chimene chatuluka. Chimene mwavala inu kapena ana anu nachonso chilembedwe.

Kabukuko kakhale ka belo lililonse palokha: tsiku logula, kumene mwagula, chizindikiro cha belo, ndalama zonse zimene mwalowetsa, kuchuluka kwa zidutswa pa mulu uliwonse, ndi tsiku limene mpamba wabwerera. Mukatsegula mabelo atatu kapena anayi, kabukuko kadzakuonetsani mtundu umene ukukupindulirani ndi wogulitsa amene katundu wake amatuluka zotsalira zambiri. Belo lachiwiri mukagule mpamba wa loyamba utabwerera wonse, ndipo ngati nyengo ikusintha, monga kuchoka m'chisanu kulowa m'chilimwe, musinthe mtundu wa belo mwezi umodzi nyengoyo isanafike.